ZA PAKHOMO PATHU: Kukonza nyumba isanagulitsidwe



Makolo athu sankadziwa za kugulitsa nyumba. Munthu akafuna kusamuka ankangozula chitseko, nasenza mapaso amene adakali olimba, nasiya bwinja kuti pamere maungu ndi bonongwe. Lero zinthu ziri mwina. Ambiri a ife tiri ndi nyumba za njerwa zootcha ndi malata pafupi ndi misika ya m'mbali mwa mseu, kapena m'tauni monga ku Ndirande ndi ku Kawale. Wina wapuma nchito nafuna kubwerera kumudzi. Wina watsala wamasiye, nyumba yamkulira. Winanso asowa ndalama za sukulu ya ana. Onsewa afika pa funso limodzi: kodi nyumba tiikonza bwanji kuti wogula aikonde, ifenso titsale ndi mtima woyera pamaso pa Mulungu ndi pa anthu?

Kupangana kuyambe, tsache litsate

Nyumba ndi ya banja lonse. Mwamuna amene atsatsa nyumba mkazi wake osadziwa wayamba ndi kuba, ngakhale njerwa adaumba ndi manja ake. Khalani pansi nonse, pamodzi ndi ana osinkhuka ndi ankhoswe, mudziwe chifukwa chogulitsira ndi kumene mudzagona mukatulukamo.

Ngati mwini nyumba adamwalira, achibale asathamange. Lamulo la Malawi la chaka cha 2011, lonena za chuma cha masiye, liika patsogolo mkazi kapena mwamuna wotsala ndi ana, ndipo kulanda chuma chao ndi mlandu kubwalo.

Kumbukiraninso kuti nyumba ndi china, malo ndi china. Malo a makolo ali ndi lamulo lao la chaka cha 2016, limene lidayamba kugwira nchito mu 2018 ndi kukonzedwanso mu 2022. Ndilo lidakhazikitsa makomiti a malo m'midzi. Chifukwa chake musalonjeze munthu malo musanafunse amfumu, ndi komiti kumene iripo, chimene lamulo lilola. M'tauni funsani ku khonsolo, ku Unduna wa za Malo kapena ku Malawi Housing Corporation, monga mwa mwini malowo. Mapepala onse akhale pamodzi, ndipo ngongole za madzi, za magetsi ndi za msonkho wa malo zibwezedwe, kuti wogula asalowe m'nyumba ndi katundu amene sadamuone.

Pabwalo

Wogula ayamba kuweruza adakali panjira. Lambulani njira yofika pakhomo, sesani bwalo, dzala mulikwirire, mukumbe dzenje la zinyalala kuseri. Maenje amene mudaumbamo njerwa atsekedwe, pakuti m'dzinja asunga madzi ndi kuswa udzudzu, nakhala msampha wa ana. Chimbudzi chikhale ndi chitseko ndi chobvundikira, bafa likhale ndi ngalande yotulutsa madzi, thandala loweramira muliwongole.

Mitengo ya mango, mapeyala ndi nthochi ikweza mtengo wa pakhomo. Musaidule kuti muotchere makala a tsiku lomaliza. Sadzani nthambi zokhazo zogona pa denga. Malire nao aoneke bwino, kaya ndi nkhadze, kaya ndi khonje, kaya ndi miyala ya boma. Yendani m'malirewo pamodzi ndi anansi wogula asanafike, pakuti mkangano umene inu mudaupirira zaka khumi mlendo adzaulowa osadziwa chiyambi chake.

Denga, makoma ndi pansi

Nyengo yabwino ya nchito iyi ndi pamene mvula yatha, kuyambira mwezi wa Meyi kufikira Ogasiti, makoma atauma, udzu wofolera usanapse ndi moto wa kutchire. Kwerani pa denga, kapena tumani mnyamata wopepuka. Malata ogwedera akhomedwe, lata lodyeka ndi dzimbiri lichotsedwe. Usana lowani m'nyumba, mutseke zitseko ndi mazenera, muyang'ane kumwamba: paliponse pooneka kadontho ka kuwala ndi pamene mvula ilowera. Gogodani mitanda ndi mafelemu ndi chipande cha mpeni. Mtengo wolira ngati ng'oma wadyedwa ndi chiswe, ndipo mankhwala ake ndi kuusintha.

Ming'alu iri mitundu iwiri. Ulipo mng'alu waung'ono wa pamwamba pa pulasitala, umene mungaumate nokha. Uliponso wotsika kufikira ku maziko, wokula chaka ndi chaka. Umenewo ufuna mmisiri, chifukwa unena kuti nthaka yasuntha. Mukatha izi, pakani njereza. Palani yakale yofunduka, nyowetsani khoma pang'ono, mupake kawiri mopyapyala, pakuti njereza yokandapala isweka nigwa. Chenjerani ndi maso ndi manja, njereza iotcha. Nyumba ya dothi izilidwe pansi ndi pakhonde monga amai achitira pokonzekera Pasaka. Ya simenti ikolopedwe, maenje ake atsekedwe. Ku khitchini chotsani mwaye ndi ukonde wa akangaude.

Musabwereke ndalama zambiri kuti mumange zatsopano. Chipinda choonjezera kapena matailosi sizibweza nthawi zonse ndalama zimene zidadya. Sopo, njereza, misomali ndi thukuta lanu ndizo zipindula koposa.

M'kati

Nyumba yodzaza ioneka yaing'ono. Tonse tidziwa zimene tisunga: mipando yothyoka imene tidati tidzakonza, njinga yopanda magudumu, mitsuko yong'aluka, zobvala za ana amene adakwatira kale. Gawani katundu milu itatu: wopita nanu, wopatsa osauka, ndi wotentha. Matumba a chimanga asanjikidwe m'chipinda chimodzi, pa mitengo, osagunda khoma. Nkhuku zogona kuseri kwa chitseko zipite kukhola. Mphasa ndi zofunda ziyanikidwe pa dzuwa, ndipo ngati muli nsikidzi ndi mphemvu, muzithe musanaitane munthu.

Mphuno ya mwini nyumba siimva fungo la nyumba yake. Akulu adati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Itanani tsono mnansi wosaopa kunena zoona, alowe monga wogula, akuuzeni za utsi, za usipa ndi za chinyezi. Tsiku loonetsa nyumba tsegulani mazenera m'mamawa, muonetse usana dzuwa liri powala. Ndalama, mankhwala ndi mapepala zitsekeredwe, ndipo mai kapena mwana asalandire yekha anthu osawadziwa, pakuti si onse odzaona nyumba adzera kugula.

Mtanda ndi chithunzi cha Mtima Woyera zikhale pa khoma kufikira tsiku losamuka. Palibe chifukwa chochitira nazo manyazi. Koma sizilowa pa malonda, ndipo sizisiyidwa pa mulu wa zinyalala. Zinthu zodalitsidwa zimene zatha, monga kanjedza wakale ndi kolona woduka, zitenthedwe kapena zikwiriridwe mwaulemu.

Kukonza ndi kubisa

Pano ndipo pagona nkhani yonse. Njereza imodzimodziyo ingathe kuyeretsa khoma, ingathenso kubisa khoma lofuna kugwa. Kabati ingaikidwe pakona chifukwa ikhala bwino pamenepo, ingaikidwenso kuti iphimbe chinyezi. Manja achita nchito yofanana, koma mtima usiyana. Munthu woonetsa nyumba m'mwezi wa Okutobala, nakhala chete za madzi amene asefukira pabwalo m'Januwale, wagulitsa nkhuyu zija anenera akulu, kuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Eklezia adaiganizira kale nkhani imeneyi. Thomas Aquinas Woyera, mphunzitsi wamkulu amene adamwalira chaka cha 1274, adafunsa ngati wogulitsa ayenera kuulula chirema cha malonda ake, ndipo pakati pa zitsanzo zake adatchula nyumba yogwedera yogulitsidwa ngati yolimba. Chiphunzitso chake ndi ichi. Chirema choonekera poyera, monga kavalo wa diso limodzi, sichifuna kulengezedwa, malinga mtengo utsitsidwe moyenera. Koma chirema chobisika, chimene chingadzetse ngozi kapena kutayitsa wogula chuma, chiyenera kunenedwa. Wochibisa wachita chinyengo, ndipo ali ndi udindo wobweza zimene mnzake wataya.

Onani tsono kuti sitikakamizidwa kunyoza nyumba yathu. Tingathe kuyamikira mthunzi wake, chitsime chiri pafupi, ndi kulimba kwa njerwa zake, zikakhala zoona. Koma mng'alu wa ku maziko, chimbudzi chotsala pang'ono kudzaza kapena kugumuka, waya wa magetsi woopsa, mlandu wa malire umene sunathe, ndi mbale amene sadabvomere kugulitsako, zimenezi tinene ndi pakamwa pathu ngakhale tisanafunsidwe. Mtengo udzatsika, inde. Koma ganizani usiku wa mvula yamkuntho, ana a wogula ali m'tulo pansi pa khoma limene inu mudalidziwa. Ndalama zingati zingagule mtendere wa munthu amene wamva mbiri yotere m'mawa mwake? Lamulo lachisanu ndi chiwiri silikhuta ndi kulapa kwa pakamwa pokha. Lifuna kubweza, ndipo moyo wa mwana subwezedwa.

Tsiku la malonda

Mneneri Yeremiya, pogula munda wa mbale wake ku Anatoti ndi masekeli 17 a siliva, adalemba kalata ya pangano, naitana mboni, nalamula kuti makalatawo asungidwe mu mbiya kuti akhalitse. Ngati mneneri adachita chotero pogula kwa mbale wake weniweni, ife ndife yani kuti tidalire kugwirana chanza kokha? Lembani maina, mtengo, malire, tsiku lotuluka, ndi zirema zimene mwaulula. Lembaninso zotsala ndi zopita: zitseko, thanki, nkhokwe, ndi zipatso za chaka chino. Mboni zikhalepo za mbali zonse ziwiri, ndipo kusintha dzina kuchitike ku ofesi yoyenera. Makiyi aperekedwe ndalama zitakwana, ndalamazo zipite ku banki tsiku lomwelo, mkazi ndi mwamuna akudziwa onse. Ndalama za nyumba zikagona m'thumba zisungunuka ngati mchere wa m'dzinja, ndipo taona mabanja amene adagulitsa denga lao natsala olowa m'nyumba za lendi, ana ali balala.

Potuluka musazule maloko ndi mababu amene wogula adawaona. Sesani komaliza, tsazikani anansi, bwezani khasu limene mudabwereka. Paja amati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakutsata. Ndipo usiku womaliza sonkhanani m'chipinda chochezera, muthokoze Mulungu chifukwa cha ana amene adabadwira m'menemo ndi odwala amene adachiriramo, mupempherere akufa amene adatulukira pa khomo limenelo, ndi banja limene lidzalowamo. Mukafika kwatsopano, pemphani Bambo Mfumu adzadalitse nyumba.

Mwezi wamawa, Mulungu akalola, tidzakambirana za kusunga chimanga kuti anankafumbwe asatilande chakudya cha ana. Tsalani mu mtendere wa Ambuye.

Ife, mphunzitsi wanu.