Chipukuta misozi ndi mantha a bodza

Ku Biwi, monganso ku Kawale ndi ku Area 23, kukadali okalamba amene akutsiriza masiku awo akudikira chipukuta misozi cha nkhanza za nthawi ya chipani chimodzi. Nkhaniyi ikabuka pa maliro kapena pa bawo, sipalephera wofunsa kuti, kodi onsewa anamangidwadi, kapena ena anangomva fungo la ndalama? Funsoli si lopusa ayi, ndipo liyenera kuyankhidwa mosapsatira.

Malamulo oyendetsera dziko a 1994 anakhazikitsa bwalo la National Compensation Tribunal kuti limve madandaulo a anthu amene boma lakale linawatsekera popanda mlandu, kuwalanda katundu, kapena kuwathawitsa m'dziko muno. Bwalolo linapatsidwa zaka 10 zokha. Madandaulo anaposa 20,000, koma pamene linkatseka mu 2004, olandira ndalama zawo zonse anali mazana owerengeka chabe. Ena anangolawitsidwa, ochuluka sanaone ngakhale tambala. Mu 2017 Ombudsman wa nthawiyo, mayi Martha Chizuma, anadzudzula katsekedwe ka bwalolo nauza boma kuti likonze nkhaniyi.

Kunena zoona, pomwe pagawidwa ndalama abodza sasowa. Komatu mwambi woti nsomba ikaola imodzi zonse zaola ndi wa pamsika, si wa pabwalo la milandu. Wokayika amafuna chikalata. Nanga chikalatacho akanapereka ndani? Munthu wotengedwa usiku kupita ku Mikuyu kapena ku Dzaleka kawirikawiri sanaone khoti, choncho chigamulo cholembedwa alibe. Mlembi Jack Mapanje anakhala ku Mikuyu kuyambira 1987 kufikira 1991 osazengedwa mlandu. Iye palibe angamukayike, pakuti dziko lonse lapansi linamva dzina lake. Koma kalipentala kapena mphunzitsi wa pulayimale amene anagona pa simenti yomweyo, ndani analemba zake? A Mboni za Yehova, oletsedwa mu 1967, anathawira ku Zambia ndi ku Mozambique mu 1972 nyumba zawo zikuyaka, ndipo wothawa moto sayamba wafunafuna mapepala. Boma limene linamanga anthu mwamdima silingatembenuke lero n'kuwauza kuti umboni wawo ndi wochepa.

Nkhani ya ku Mwanza itiphunzitsa kusiyanitsa zinthu ziwiri. Mu May 1983 a Dick Matenje, a Aaron Gadama, a Twaibu Sangala ndi a David Chiwanga anafa, ndipo mtundu unauzidwa kuti inali ngozi ya galimoto. Bungwe lofufuza la 1994, lotsogozedwa ndi Justice Mtegha, linapeza kuti anaphedwa ndi apolisi. Chikhalirecho, mu December 1995 khoti linamasula Dr Kamuzu Banda, a John Tembo ndi anzawo, poona kuti umboni woti iwo ndiwo anakonza chiwembucho sunakwane. Zonse ziwiri n'zoona. Kumasulidwa kwa woimbidwa mlandu sikusandutsa amasiye kukhala abodza, ndiponso misozi ya amasiye siikwanira kuti munthu amangidwe.

Aphunzitsi awauze ana a sukulu mfundo iyi, chifukwa ambiri a iwo anabadwa zonsezi zitatha: bodza loneneza ndilo linali khomo lolowera ku ndende. Mnansi wa nsanje ankangoti uje wanyoza Ngwazi, basi kwatha, bambo wapita. Tsono ife amene tikudziwa kuwawa kwa kunamiziridwa sitingavomere kuti lero munthu aloze chala nkhalamba ya mu mzere wake ku Biwi n'kuti ndiyo inali kazitape, popanda mboni. Ubwino wake, chipukuta misozi sichilira dzina la mnansi. Ndi ngongole ya boma, ndipo chofunika kutsimikiza n'chakuti munthuyo anazunzidwadi.

Njira zotsimikizira zilipo. Mabuku a ndende ndi zosungidwa ku National Archives ku Zomba zitsegulidwe. Mafumu ndi mipingo akudziwa amene anasowa m'midzi mwawo, ndipo akaidi a chipinda chimodzi amakumbukirana maina. Wopezeka atanama azengedwe mlandu payekha. Koma ntchitoyi ifuna changu: amene anamangidwa mu 1972 ali ndi zaka 30, ngati ali moyo, wapitirira kale zaka 80, ndipo mboni zake n'za msinkhu womwewo.