Wamalonda wa ku Kapondo akulipira msonkho wa mantha

Msonkho umene wamalonda wamng'ono wa ku Kapondo m'boma la Mchinji amakumana nawo uli pa makomo atatu. Pali chiphaso cha pamsika ndi laisensi ya golosale, zimene khonsolo ya Mchinji imatolera. Pali msonkho wa pa malonda, wotoleredwa ndi bungwe la MRA, lomwe linayamba ntchito mu 2000. Wachitatu ndi wa pachipata cha Mchinji ndi Mwami, kwa iye amene amakaoda katundu ku Chipata. Ambiri amadziwa woyambawo basi, poti wotolera amabwera yekha tsiku la msika, kabuku ka matikiti kali m'manja. Iwiri inayo amangoimva m'mphekesera, ndipo mphekeserazo zikuwadyera mpamba kuposa mmene lamulo likanawadyera.

Mu 2021 boma linakhazikitsa msonkho woyerekeza wa amalonda ang'onoang'ono. Pa nthawi imeneyo, wogulitsa katundu wosapitirira K4 miliyoni pachaka sankayenera kulipira kalikonse, ndipo msonkhowu unkalekezera pa K12.5 miliyoni. Mwini okala wogulitsa sopo, mchere ndi mafuta ophikira oyeza m'timabotolo kawirikawiri anali pansi pa malirewo. Koma adziwa bwanji kuti ali pansi ngati salemba? Wopanda kope sangatsutsane ndi wa msonkho. Akauzidwa chiwerengero amangovomera, kapena amatseka chitseko n'kuthawira kudimba akamva kuti galimoto ya boma yafika pa tawuni.

Vuto lalikulu lili kwa mavenda a mbewu, amene ndi msana wa malonda m'dera la mtedza ndi soya ngati limeneli. Msonkho woyerekezawu umawerengedwa pa ndalama zonse zimene zadutsa m'manja, osati pa phindu. Venda amene wapachika sikelo pa mtengo wa mango miyezi itatu yokolola amagwira mamiliyoni, koma yake yeniyeni ndi kachidutswa kotsala pa kilogalamu iliyonse atachotsa matumba, aganyu onyamula, thiransipoti ya ku Lilongwe ndi mtedza umene wachepa pouma. Munthu wotere akapanda kusunga malisiti amaoneka wolemera pamaso pa lamulo pamene kunyumba akudya nsima ya bonya.

Komanso venda yemweyu akagulitsa mbewu kwa kampani yolembetsedwa, kampaniyo imadula msonkho pa malipiro ake n'kupereka ku MRA. Ndalama yodulidwayo si chilango. Kwa wamalonda amene analembetsa ku MRA n'kulandira nambala ya wolipira msonkho (TPIN), ndi msonkho wolipiriratu, ndipo satifiketi yake imachepetsa zimene angalipire pakutha pa chaka. Amene alibe TPIN, kapena amene amakulungira fodya satifiketiyo, wangotaya ndalama yake. Kuthawa kulembetsa sikunamupulumutse. Walipira ndithu, koma popanda dzina.

Pachipata ndi pamene mantha amakwera mtengo kwambiri. Kuyambira mu 2010, Malawi ndi Zambia akhala akutsata ndondomeko ya COMESA yofewetsa malonda a anthu wamba odutsa malire. Katundu wopangidwa kapena wolimidwa m'maiko awiriwa, ngati ali pa mndandanda umene anagwirizana ndipo mtengo wake ndi wosapitirira malire oikika, amalowa popanda msonkho wa kasitomu. VAT ndi misonkho ina imakhalapo pa katundu wina, ndipo apa ndi pamene ambiri amakhumudwa, chifukwa anauzidwa theka la nkhani. Mu Disembala 2022 apulezidenti Lazarus Chakwera ndi Hakainde Hichilema anatsegula chipata chatsopano cha Mchinji ndi Mwami, pomwe mapepala a maiko onse awiri amatheka pa malo amodzi. Ngakhale zili choncho, njira zozemba sizinamere udzu. Mayi wonyamula makatoni a zakumwa amalipira wakabaza wodutsa kutchire usiku, amapereka "ya fanta" kwa aliyense womuimitsa, ndipo tsiku lina katundu yense amalandidwa. Mpamba umene anabwereka ku banki mkhonde wapita, chatsala n'kupita kwa wakatapila. Akanawerengetsa ndalama zonsezi pa chaka, akanapeza kuti kutchire kuli msonkho wokwera kuposa wa pachipata, ndipo wa kutchirewo sapereka lisiti.

Choncho kukonzekera msonkho ku Kapondo sikufuna akauntanti wa tayi. Kumafuna kope la sukulu lolembamo zogula, zogulitsa ndi zowonongedwa tsiku ndi tsiku. Jumbo yosungiramo malisiti. Ndi nambala ya Airtel Money kapena Mpamba ya geni yokha, yosiyana ndi yogulira ndiwo. Kusakaniza ndalama ya geni ndi ya pakhomo kwagwetsa maokala ambiri amene MRA sinawapondepo n'komwe.

Koma kudzudzula amalonda okha n'kukondera. Mlandu waukulu uli kwa otolera. MRA imanyadira Msonkho Online, ngati kuti mayi wogulitsa usipa ali ndi kompyuta ndi bandulo ya intaneti. Mafomu ali m'Chingerezi cha maloya, ndipo kuchokera ku Kapondo kukafika pa boma ndi ulendo wodya tsiku ndi ndalama. Khonsolo nayo imatolera chiphaso mosaphonya, koma wolipira akayang'ana chimbudzi cha pamsika ndi msewu wa nthawi ya dzinja amafunsa kumene ndalama yake inalowera, ndipo funso limenelo ndi lomveka.

Choposa zonse ndi malire a msonkho amene kwacha ikuwanyambita. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. K4 miliyoni ya mu 2021 inali pafupifupi madola 5,000. Pakutha pa 2023 inali isakufikanso madola 2,500. Wamalonda amene akugulitsa matumba omwe aja, phindu lomwe lija, amapezeka wadumpha malire popanda kulemera ndi tambala imodzi. Nyumba ya Malamulo iyenera kumanga malirewa ku kukwera kwa mitengo ya zinthu kuti azisintha okha chaka ndi chaka, ndipo MRA iyenera kuika tebulo pa msika wa Kapondo nyengo yokolola, yolembetsa TPIN ndi kufotokoza malamulowa m'Chichewa, isanatumize galimoto yolanda katundu.