Bwinja lili ndi eni ake

Adzukulu anga, ndi inu nonse okonda miyambo, lero tikambirane nkhani imene ndakhala ndikuisinkhasinkha kuyambira pa Khrisimasi. Mdzukulu wanga wina amene amagwira ntchito ku Johannesburg adabwera kuno ku Lusumbwe, kumene ambiri mumati ku Monkey Bay, atanyamula makina ofufuzira zitsulo m'nthaka. Ndi ndodo yokhala ndi kambale kumapeto. Kambaleko kamatumiza mphamvu ya maginito pansi, ndipo mphamvuyo ikakumana ndi chitsulo makinawo amalira.

"Agogo," adatero iye, "tiyeni tikayese pabwinja pamene mudabadwira paja. Mwina makolo anu adasiyapo mphika wa ndalama."

Ndidavomera, koma ndidati tiyambe tapempha alongo anga, pakuti malowo ndi a mbumba. Iwo adalola, natsagana nafe. Tsiku lonse tidafukula misomali, chidutswa cha khasu ndi mbedza ziwiri zadzimbiri. Dzuwa litapendeka, patsinde pa mtengo wa mango, padatuluka khobidi limodzi lobooka pakati, la chaka cha 1957, nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, lokhala ndi njovu ziwiri zoimirira. Mnyamatayo adayang'ana pafoni yake nagwa ulesi, ati mtengo wake sungagule ndi thumba la chimanga lomwe.

Alongo anga adalitenga khobidilo, nakhala chete kanthawi. Kenaka adasimba mmene amayi athu ankagulitsira zitumbuwa padoko sitima ya Ilala ikafika, sitima imene idalumikizidwa pompano nkuyamba kuyenda mu 1951. Madzulo ankakhala pansi pa mango womwewo kuwerenga makobidi ndi kuwatunga pachingwe. Makobidi amenewo ndiwo adandigulira sileti yanga yoyamba. Mdzukulu wanga adali asadamvepo nkhaniyi.

Apa ndipo pagona maganizo anga. Chinthu chakale chimalankhula pamene tikudziwa malo amene chidali ndi anthu amene adachigwira. Khobidi lija likadagulitsidwa kwa munthu wodutsa, likadasanduka kachitsulo wamba pakati pa zikwi zina zofanana nalo. Makina adalipeza, koma amene adalipatsa tanthauzo ndi alongo anga ndi mtengo wa mango uja.

Sindidana nawo makinawa. Akuluakulu adati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. Achinyamata akamati chitsulo chikangokhala m'nthaka chimadyedwa ndi dzimbiri, akunena zoona. Akamati umphawi wakula ndipo munthu sangadye mbiri, ndimawamvetsa. Chimene ndikukana ndi kukumba kwa usiku, kwa munthu amene wamva mphekesera za chuma chimene ati Azungu kapena Aluya adakwirira, nayamba kugumula maziko a nyumba zakale ngakhale manda amene. Munthu wotere kawirikawiri amabwerako chimanjamanja, koma chimene wawononga sichibwereranso.

Kumbukirani kuti pamwambo wathu bwinja si tchire. Pamenepo padakwiriridwa michombo ya ana. Pangodya za nyumba makolo ankaikapo zotsirikira. M'midzi ina khanda lopita padera linkaikidwa ndi amayi okhaokha, pamalo popanda chizindikiro. Mwini nyumba akamwalira nyumba yake inkagwetsedwa, koma mbumba sinkaiwala pamene idali. Wolowa ndi khasu pamalo otere osaodira ali ngati wolowa kuchipinda kwa eni. Safunsa adadya phula.

Nawonso ophunzira amagwirizana ndi makolo pankhaniyi. Ku Nkope, pamsewu wopita ku Mangochi, katswiri wofukula zakale Keith Robinson adapeza mapale a mbiya ndi zizindikiro za kusula chitsulo, ndipo lipoti lake lidatuluka mu 1970. Chifukwa chakuti adakumba pang'onopang'ono, kulemba chili chonse ndi kuya kumene chidapezeka, lero tikudziwa kuti kugombe lino kudali alimi ndi osula zitsulo zaka zoposa 1,500 zapitazo, ndipo mbiya za mtundu umenewo zimatchedwa ndi dzina la Nkope. Akadafika wina ndi khasu kudzatola zonyezimira zokha, mapalewo akadamwazika ndipo mbiriyo ikadatayika. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Dera lathu lino ladzaza ndi malo otere. Ku Chembe kuli manda a amishoni a Livingstonia, amene adafika mu 1875 nasamukira ku Bandawe mu 1881 atazunzika ndi malungo. Paki ya Nyanja ya Malawi, mmene muli mandawo, idalowa m'kaundula wa UNESCO mu 1984. Pa boma la Mangochi, limene kale linkatchedwa Fort Johnston, pafupi ndi nsanja ya wotchi pali mzinga wa Gwendolen, sitima imene mu Ogasiti 1914 idawombera sitima ya Majeremani ya Hermann von Wissmann. Mwana aliyense wa sukulu angathe kuuona mzingawo chifukwa udasungidwa poyera. Ukadagwa m'manja mwa ogula zitsulo zakutha, bwenzi utasungunulidwa kalekale.

Lamulo nalonso silidakhale chete. Lamulo la Monuments and Relics Act la 1990 limaletsa kufukula zinthu zakale popanda chilolezo, ndipo limafuna kuti wopeza chinthu chotere adziwitse boma. Nthambi yoona za nyumba zosungiramo zinthu zakale ndi zipilala ndiyo imayang'anira zimenezi, ndipo ku Mangochi komweko kuli Lake Malawi Museum. Ngakhale ku England, kumene kufufuza ndi makinawa ndi masewera a anthu ambiri, kuli dongosolo. Terry Herbert atapeza mulu wa golide wakale m'munda ku Staffordshire mu 2009, adakanena. Nyumba zosungiramo zakale zidagula chumacho, iye ndi mwini munda adagawana ndalama, ndipo lero aliyense angathe kukachiona.

Tsono adzukulu anga, makinawa akafika m'manja mwanu, chitani izi. Pemphani eni mbumba ndi amfumu. Tengani munthu wamkulu wodziwa pamene padali khomo, nkhokwe ndi khitchini. Kumanda ndi pamalo a nsembe musayandikireko. Lembani m'kope chimene mwapeza, pamene mwachipeza ndi zimene akuluwo anena, ndipo mukwirire dzenje lililonse. Mukakumana ndi mafupa, mikanda, mbiya kapena chida chimene m'mudzi mulibe wochidziwa, lekani pomwepo, mukanene kwa amfumu ndi kuboma.

Khobidi lija silidapite ku Johannesburg. Mdzukulu wanga adalitunga yekha pachingwe, nalipereka kwa agogo ake aakazi aja, ndipo nkhani ya zitumbuwa adailemba m'kope. Wandiuza kuti chaka chamawa akabwera adzayamba wakhala pamphasa ndi akuluakulu asadagwire makina. Kwa lero ndalekera pomwepa. Tsalani bwino.