Chigawenga cha Yani?

Loweruka lapitali, pabawo pa Mauwa, mkulu wina wa mpingo anagamula mlandu wa mtundu wonse asanamalize n'komwe kutakata: ati Apalestina onse ndi zigawenga, chifukwa akulimbana ndi ana a Mulungu. Anthu n'kuvomera ngati kwaya. Inetu zinandinyansa, poti mkuluyo anali atangogula chinangwa ndi K500 ya nkhope ya Chilembwe.

Kodi bambo, mwaiwala kuti "chigawenga" chachikulu cha Nyasaland chinali cha konkuno ku Chiradzulu? Pa 23 Januwale 1915 anthu a Chilembwe anadula mutu wa William Jervis Livingstone ku Magomero. Mwazi ndi mwazi, sindikometsa. Koma pophunzitsa ana timayamba ndi thangata, minda yolandidwa ndi matchalitchi otenthedwa, mpeni n'kubwera pambuyo. Nanga bwanji za anzathu tikuziyambira kumpeni?

Tamvani za Ghassan Kanafani. Anabadwira ku Acre mu 1936. Mu 1948, ali ndi zaka 12, banja lake linathawa nkhondo, osadzaponda kwawonso. Anakulira ku Damascus, komwe anaphunzitsako ana a othawa kwawo anzake. M'buku lake la 1963, Men in the Sun, amuna atatu ofuna ganyu ku Kuwait akubisala m'thanki ya galimoto yamadzi, n'kufera momwemo ndi kutentha dalaivala atachedwa pachipata. Amene mbale wake anapita ku Joni mozemba, bukuli alimva popanda womasulira.

Sindikubisani kanthu. Kanafani anali mneneri wa PFLP, gulu lomwe linkalanda ndege, lomwenso linavomera kuti ndilo linatuma anthu amene anapha miyoyo 26 pabwalo la ndege la Lod mu Meyi 1972, ambiri mwa ofawo akhristu a ku Puerto Rico odzaona malo oyera. Zoipa zedi. Pa 8 Julaye chaka chomwecho, akazitape a Israel anamutchera bomba m'galimoto ku Beirut. Anafa limodzi ndi mwana wa mlongo wake, mtsikana wa zaka 17. Ameneyunso chigawenga, eti?

Mu Novembala 2023 boma lathu linayamba kutumiza achinyamata kukalima minda ya ku Israel. Umphawi ndi umenewo, anawo sindiwada. Koma bambo, inu mdzukulu wa anthu a thangata, powapempherera munawauza kuti kumeneko nakonso kuli mlandu wa malo? Loweruka likubwerali ndidzakufunsani pamaso pa anthu, bawo isanayambe.