Bambo akati “ndizipereka K10,000”, tifunse kuti masamu ake ndi ati

Amayi anzanga, lero tikambirane za masamu. Inde, masamu a ndalama yolelera ana banja likatha.

Mng'ono wanga wa kuno kwa Nthache banja lake linatha ali ndi ana awiri. Ankhoswe atakhala pansi, bambo wa anawo anangoti, “Ine ndizipereka K10,000 pamwezi, zinthu zavuta.” Anthu mpaka kuwomba m'manja, ati mkamwini ndi womvetsa. Palibe anafunsa kuti njinga yamoto yomwe amachitira kabaza pa boda imabweretsa zingati patsiku, kapena kuti manachesi omwe anakagulitsa ku Blantyre anaphapo zingati. Nambala inangotuluka pakamwa, nkhani n'kuthera pomwepo. Chikhalirecho ufa, sopo, yunifolomu ndi transipoti ya kuchipatala mwana akadwala usiku, zonse zili pamutu pa mng'ono wangayo.

Maganizo anga ndi awa: ndalama ya mwana iziwerengedwa, ndipo powerenga tiziyambira pa zomwe bambo ndi mayi amapeza. Pa mfundoyi lamulo lili kale mbali yathu, kungoti ambiri sitidziwa.

Gawo 23 la malamulo oyendetsera dziko lino limati mwana aliyense ali ndi ufulu wolandira chisamaliro choyenera kuchokera kwa makolo ake, kaya ali pabanja, kaya sanakwatiranepo, kaya banja linatha. Kuyambira 2017, mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18. Palinso lamulo la 2010 loona za chisamaliro ndi chitetezo cha ana, lija amati Child Care, Protection and Justice Act. Limeneli limauza khoti zoti liziyang'ana lisanatchule ndalama: zomwe makolo onse awiri amapeza ndi chuma chomwe ali nacho, ngati wina ali ndi vuto lomulepheretsa kugwira ntchito, ana ena omwe akuwasamalira, komanso mitengo ya zinthu kudera komwe mwanayo akukhala.

Mwawamva mawu akuti chuma? Sakunena malipiro a pamwezi okha ayi. Mbuzi ndi chuma. Chigayo, okala, njinga yamoto, munda wa manachesi, matumba a nandolo, zonsezo ndi chuma. Ndiye zija zoti “ine sindili pantchito” zisamatitseke pakamwa.

Pomwe pali mpata ndi apa: lamulo lathu silinena kuti pa K100 iliyonse mwana atengepo zingati. Ku Britain boma lili ndi muyezo wake: kwa anthu ambiri apantchito, kholo lomwe silikhala ndi ana limapereka 12 pa 100 iliyonse ya zomwe limapeza ngati mwana ndi mmodzi, 16 ngati ndi awiri, 19 ngati ndi atatu kapena kuposa. Ku South Africa, komwe abambo ambiri a kuno amapita kudzera pa boda yathu yomweyi, amayamba awerenga zomwe mwana amafuna pamwezi, kenako n'kugawira makolo molingana ndi mapezedwe a aliyense. Kuno kwathu majisitireti amagamula potengera zomwe zafika pamaso pake. Bambo akakhala pantchito yolembedwa, pepala la malipiro limanena lokha, ndipo khoti likhoza kulamula kuti ndalamayo izidulidwa kuntchito konko. Nanga wa kabaza, wosintha ndalama pa boda, wogula nandolo? Pepala lake ndi pakamwa pake. Mayi akapita chimanjamanja, mawu a bambo ndi omwe amasanduka umboni.

Tiyerekeze masamu ake, manambalawa ndi chitsanzo chabe. Mayi walemba zonse ndipo wapeza kuti ana amafuna K90,000 pamwezi. Bambo amapeza K200,000, mayi amapeza K100,000 pa geni yake ya tomato. Kuphatikiza zikukwana K300,000. Pa magawo atatu a ndalamayi, awiri ndi a bambo, limodzi la mayi. Ndiye pa K90,000 ija bambo apereke K60,000, mayi K30,000. Mwaona kusiyana kwake ndi K10,000 ya pansi pa mtengo wa mango ija? Ndipo apa sitinawerenge kuphika, kuchapa, kutunga madzi ndi kugona kuchipatala, ntchito zomwe zimadya nthawi ya geni ya mayi. Nazonso ziyenera kutchulidwa, chifukwa ndi gawo lomwe mayi akupereka kale tsiku ndi tsiku.

Ndikudziwa zomwe ena anene. “Kuno n'kwa chikamwini, ana ndi a kuchikazi, awalere amalume awo.” Chikamwini chimanena za mudzi womwe mwana akhale ndi mbumba yomwe awerengedweko. Sichifafaniza dzina la bambo, ndipo amalumewo nawonso ali ndi ana awo kwina. Ena amati, “Ndalama yanga akadyera ndi mwamuna wina.” Chabwino, kalipireni nokha fizi kusukulu, gulani chimanga mutule pakhomo, mutenge lisiti. Mwana adye basi.

Nanga bambo wosaukadi? Masamuwa amamutetezanso iyeyo, chifukwa palibe angamulamule zoposa mphamvu zake. Ngati ndalama amaiona nthawi ya manachesi ndi nandolo yokha, awerenge za chaka chonse n'kugawa pa miyezi 12, kapena agwirizane kuti azipereka yambiri akangokolola. Chomwe tikukana n'choti munthu azioneka wolemera ku bala, n'kudzasauka tsiku la mlandu wa ana.

China choti tisaiwale: mu November 2023 kwacha inatsika mphamvu ndi 44 pa 100 iliyonse. Ndalama yomwe munagwirizana izi zisanachitike siingagulenso zomwe inkagula. Zinthu zikasintha, kaya mitengo, kaya mapezedwe a bambo, muli ndi ufulu wobwerera kukhoti kuti akaunikenso.

Ndiye mayi mnzanga, gula kope lero. Tsamba lina uzilemba chilichonse chomwe wagulira ana ndi mtengo wake, kwa miyezi iwiri kapena itatu. Tsamba lina lemba zomwe ukudziwa za mapezedwe a bambo awo: katundu, geni, minda. Mauthenga a Airtel Money, Mpamba kapena Mukuru usafute, amaonetsa zomwe watumiza ndi miyezi yomwe wakhala chete. Ukatero pita ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ku boma, ku Victim Support Unit ya polisi, kapena kukhoti kwenikweniko. Wosowa ndalama ya loya, a Legal Aid Bureau ntchito yawo ndi imeneyo.

Inu ankhoswe ndi mafumu athu a kwa Nthache, bambo akatchula nambala muzimufunsa kuti yachokera pati, ndipo mgwirizanowo uzilembedwa. Inu aphungu a Nyumba ya Malamulo, tipatseni muyezo wolembedwa womwe mayi wa kumudzi angawerenge yekha asanakwere kabaza wopita ku boma.

Mng'ono wanga uja wagula kope lake. Tsamba la ana ladzaza kale, mwezi usanathe.