Machona a ku Kasungu: ndani akusunga mayina awo?

Msika wa fodya ukatsegulidwa pa Chinkhoma, belo lililonse limalowa ndi tikiti yake: nambala ya mlimi, kulemera kwake, mtengo wake. Likasowa, mwini wake sagona mpaka lipezeke. Nanga bwanji amuna amene anachoka m'midzi yomweyi kupita ku migodi ya ku Johannesburg ndi ku mafamu a ku Rhodesia sitinawalembe paliponse kwathu kuno? Kodi tsamba la m'belo laposa mwana wa munthu?

Pa machona onse, timakumbukira bwino mmodzi yekha. Kamuzu Banda anachoka kuno wapansi ali mnyamata, anagwira ntchito ku Hartley, m'dziko la Rhodesia, kenako ku migodi ya ku South Africa, ndipo mu 1925 anakafika ku America. Ali ku Chicago ankakhala pansi ndi Mark Hanna Watkins, munthu wakuda wa ku America yemwe anali katswiri wa ziyankhulo, n'kumamuuza mawu a kwawo. Mu 1937 Watkins anatulutsa buku la A Grammar of Chichewa. Chichewa cha m'bukumo ndi cha kuno ku Kasungu. Ndi ana angati a sukulu ku Mtunthama kapena ku Chilanga amene anauzidwapo kuti malankhulidwe a agogo awo analembedwa kutsidya kwa nyanja ndi m'bale wathu wakuda?

Kamuzu anabwerera pa 6 July 1958, nyimbo zili wawawa pa Chileka. Nanga amene sanabwerere? Mu April 1974 ndege ya Wenela, bungwe lolemba anthu opita ku migodi, inagwa ku Francistown, m'dziko la Botswana, n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankachokera ku migodi. Boma linaimitsa kulemba anthu a Wenela. Koma mayina a malemuwo tinawazokota pa mwala uti? Amawawerenga ndani chaka ndi chaka?

Ku Zimbabwe kuli a Phiri, a Banda, a Mwale obadwira komweko. Gule Wamkulu amavina mpaka lero m'makomboni a migodi ndi a mafamu. Pamene mafamu a azungu ankalandidwa kuyambira mu 2000, ambiri anataya ntchito ndi pogona pomwe, ndipo lamulo la unzika la 2001 linawasiya opanda dziko, zitupa zawo zikuwatchula alendo. Malamulo a 2013 anawabwezera unzika, ndipo kuno Nyumba ya Malamulo inavomereza unzika wa mayiko awiri mu 2018. Zonsezo n'zabwino. Koma mdzukulu akatsika basi pa Kasungu boma n'kunena kuti agogo ake anali a kuno, mudzi saudziwa, mfumu saidziwa, tidzamulozera khomo liti?

Chotipweteka n'chakuti umboni ulipo, ndipo tikuuonerera ukutha. Uli m'sutikesi yachitsulo kunsi kwa bedi: chitupa cha Wenela chong'ambika m'mphepete, chithunzi cha bambo wovala chipewa ndi jekete, kalata yonena kuti ndibwera mvula ikatha. Chiswe chayamba kale. Uli pakamwa pa gogo amene amatchulabe dzina la mlongo wake, chaka cha njala chimene anachoka, ndi mtengo umene anatsanzikirana. Akulu anati fodya wako ndi wa pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Gogoyo akatisiya tisanamufunse, tidzafunsa yani?

Ntchitoyi siidikira thandizo la kunja. Mafumu athu, a Kaomba, a Lukwa, a Mwase, uzani nyakwawa zanu zitsegule kaundula wa machona m'mudzi uliwonse: dzina, pfuko, chaka chimene anachoka, kumene anamveka komaliza. Aphunzitsi, tumani ana akajambule agogo awo pa foni tchuthi chino, ndipo zojambulazo zikasungidwe ku National Archives ku Zomba. Inu muli ku Harare, ku Bulawayo ndi ku Johannesburg, tumizani mayina a makolo anu kwa mafumu a kuno, tiyambe kuwafunafuna.