ZA KUDIMBA: Mlangizi Amene Timamwa Naye Chitsime Chimodzi

Mvula yakata, chimanga chaloŵa m'nkhokwe ndi m'matumba, ndipo tsopano maso athu ife a m'chigwa cha Domasi ali kumadimba. Munthu akayenda m'mamaŵa m'mbali mwa mtsinje wa Domasi, kuchokera kumene umatsika pakati pa mapiri a Zomba ndi Malosa kuloŵera ku nyanja ya Chilwa, amapeza amayi ndi abambo atanyamula makeni, ena akufesa mpiru ndi repu, ena akuwokera matimati ndi anyezi. Mwezi uno tifuna kukamba za munthu mmodzi amene amayenda pakati pa madimba ameneŵa wopanda yunifolomu ndiponso wopanda malipiro: mlimi wotsogolera, amene ena amamutcha mlimi wachitsanzo.

Munthu ameneyu amasankhidwa ndi anzake a m'mudzi. Alangizi a boma kapena a mabungwe amamuphunzitsa, iye nkubwerera kwao kukachita zimene waphunzirazo pa dimba lake, kuti anansi aone ndi kufunsa. Chifukwa chake nchodziŵika kwa tonse: mlangizi mmodzi wa boma amayang'anira mabanja oposa 1,000, ndipo ngakhale atakhala wakhama chotani, sangafike pa dimba lililonse tsiku limene mbozi zagwa.

Nzeru yotere si yachilendo kuno. Mishoni ya Domasi inatsegulidwa m'chaka cha 1884 ndi Mbusa Alexander Hetherwick, ndipo amishoni a ku Scotland aja anali ndi anthu odziŵa za kubzala mbewu ndi mitengo pakati pawo. M'chaka cha 1929 boma linatsegula sukulu ya Jeanes ku Domasi konkuno. Kumeneko aphunzitsi, pamodzi ndi akazi awo, ndiponso mafumu, ankaphunzira za ulimi, ukhondo ndi kasamalidwe ka pakhomo, kuti akabwerera kumudzi khomo lawo likhale phunziro kwa ena. M'chaka cha 1949 chigwa chomwechi chinasankhidwanso kuti ayeserepo ntchito yotukula midzi.

Koma mbiri yomweyo ili ndi chenjezo. M'zaka za m'ma 1950 boma la atsamunda linakakamiza malamulo a malimidwe: munthu wosakonza mizere ndi milambala monga analamulira ankalipitsidwa, mwina kutsekeredwa kumene. Zambiri mwa zimene ankanenazo zinali zoteteza nthaka ndithu, koma popeza zinabwera ndi chikoti, anthu anazida pamodzi ndi ozibweretsa. Pambuyo pa ufulu kunabwera Achikumbe, ndipo Dr. Banda mwini ankatchedwa Mchikumbe Nambala Wani. Achikumbe analemekezedwa, koma kaŵirikaŵiri anali alimi opeza bwino kale, ndipo mayi wamasiye wa kadimba kamodzi ankangowaonera patali. Tsono tikuphunzirapo kuti nzeru ya ulimi siloŵa ndi mantha, ndiponso sitsika yokha kuchokera kwa olemera. Imayenda bwino pakati pa anthu ofanana, omwa chitsime chimodzi.

Nanga mlimi wotsogolera amatiphunzitsa chiyani chimene makolo athu sanatiuze? Titchuleko zinayi.

Choyamba ndi manyowa. Feteleza wakwera mtengo kotero kuti mabanja ambiri thumba lathunthu amangolimva. Mlimi wophunzitsidwa amatisonyeza kuyala mapesi, masamba aaŵisi, ndowe ndi phulusa m'magawo, kuthirira ndi kutembenuza mpaka zonse zitawolerana. Amadziŵanso manyowa a Mbeya, osakaniza ndowe, gaga, phulusa, feteleza pang'ono ndi madzi, nkumanga m'thumba kwa masiku 21.

Chachiŵiri ndi madzi. Nyanja ya Chilwa inaphwa m'chaka cha 1968, inaphwanso mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yaikulu inasanduka fumbi. Pomwe mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anakokolola minda yambiri m'chigawo chino cha kummwera. Zonse ziŵiri, chilala ndi chigumula, zimayamba kupweteka munthu wolima mpaka m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje. Mlimi wotsogolera amatiuza kusiya bango, udzu ndi mitengo m'gombe, kukonza mabedi oloŵa pansi m'chilimwe kuti madzi asathaŵe, okwera m'dzinja kuti mizu isawole, ndi kuphimbira nthaka ndi udzu wouma kuti keni imodzi igwire ntchito ya aŵiri.

Chachitatu ndi kasinthasintha wa mbewu. Matimati, mabilinganya, tsabola ndi mbatata ya kachewere ndi banja limodzi, ndipo matenda awo ndi amodzi. Wobzala matimati pamene wangozula mabilinganya wapatsira mbewu yake nthenda ndi dzanja lake lomwe. Pamalo potero payenera kutsatira nyemba, anyezi kapena masamba.

Chachinayi, chimene chatikhudza mtima koposa, ndi mankhwala. Chiyambire zaka za 2016 ndi 2017, pamene kunafika kambozi koboola masamba ndi zipatso za matimati ndiponso mbozi yatsopano ya chimanga, alimi ambiri akupopera mosaŵerenga. Ena amagula mankhwala m'timabotolo topanda dzina, nkusakaniza ndi manja, nkupopera madzulo, m'maŵa mwake dengu lili pamutu ulendo wa ku msika wa Songani. Matimatiwo amaŵala ndithu, koma akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Amene adzadye ndi mwana wa mnzathu, kapena mdzukulu wathu yemwe. Mlimi wophunzitsidwa amaŵerenga zolembedwa pa botolo, amadziŵa muyeso wake ndi masiku oyenera kudikira asanathyole. Amadziŵanso kuti ngakhale mankhwala a masamba a mthuthu, amene amathandiza pa nsabwe za m'masamba, amapha nsomba. Ndipo kuno ku Domasi, kumene kuli malo a boma ofufuzira za ulimi wa nsomba ndi maiŵe ambiri a alimi, kutsukira pampu mu mtsinje ndi mlandu waukulu kwa anansi a kumunsi.

Tisaiŵale kuti dimba ndi la mphika lisanakhale la msika. Kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osafika zaka zisanu m'Malaŵi muno anali opinimbira. Nkhwani, bonongwe, luni, chisoso ndi kholowa sizifuna mankhwala ambiri ngati kabichi, ndipo zikachuluka tingathe kufutsa. Mlimi wotsogolera wabwino amayamba wafunsa chimene ana adya, kenaka nkufunsa chimene chagulitsidwa.

Tsono mau athu akulu ndi aŵa. Anthu ameneŵa ife sitiwasamala monga kuyenera. Dimba la mlimi wotsogolera likabiriŵira, m'malo mopita kukafunsa, timanong'onezana kuti wakhwimira. Akatiitana kukaona kapangidwe ka manyowa, funso lathu loyamba ndi lakuti, "Kodi kuli kangachepe?" Tikamva kuti kulibe, timakhala. Iye wasiya dimba lake losathirira, wayenda pansi kapena pa njinga yake yomwe, nkupeza anthu atatu pansi pa mtengo. Ambiri alefuka motero, nabwerera kukasamala zawo zokha. Wotaya si iwo ayi, ndi ife, pakuti safunsa anadya phula.

Nanunso alimi otsogolera, tiloleni tikuchenjezeni mwachikondi. Munasankhidwa ndi mudzi, osati ndi bungwe limene linakupatsani malaya. Mbewu zachitsanzo zikabwera, zisathere kwa abale anu. Musapitirire khomo la wamasiye, la wolumala, kapena la mnansi wathu wa Chisilamu, pakuti mbozi sifunsa chipembedzo. Ndipo chimene simuchidziŵa, nenani poyera kuti mukafunsa kwa alangizi. Kuyankha mongopeka kwaphetsa mbewu zambiri kuposa chilala.

Buku la Genesis, mutu 2 ndime 15, likutikumbutsa kuti ntchito yoyamba imene munthu anapatsidwa inali yolima ndi kusunga munda. Mtumwi Paulo naye, pa 2 Timoteo 2 ndime 2, analangiza kuti zophunzira zipatsidwe kwa anthu okhulupirika amene adzaphunzitsanso ena. Iye ankanena za Uthenga Wabwino, koma njira yake ndi yomweyi. Mpingo wathu umaidziŵa bwino, pakuti akulu a mpingo, atumiki, aphunzitsi a Sande Sukulu ndi amayi a Mvano onse amatumikira osalandira kanthu.

Chifukwa chake tipempha mipingo ya m'chigwa chino kuti mwezi uno ichite chinthu chimodzi chapafupi. Bwalo la akulu lifunse kuti mlimi wotsogolera wa dera lawo ndani, limpatse mphindi zoŵerengeka pa zolengeza, ndipo amayi a Mvano ndi achinyamata asankhe tsiku lokaona dimba lake. Pamene pali malo kuseri kwa tchalitchi kapena kwa nyumba ya abusa, payalidwe mabedi aŵiri kapena atatu ophunzirirapo, ndiwo zake zikapite kwa odwala ndi okalamba. Popita kumeneko tinyamule khasu ndi mafunso athu.